Njere Zodyedwa ndi Luso Lozisandutsa Chakudya

Nkhani ino ikukhudza njere zodyedwa, zimene ndi maziko a chakudya cha anthu pafupifupi m'maiko onse, ngakhale kuti kawirikawiri wakudya sazizindikira chifukwa zimafika m'mbale zitasinjidwa, zitagayidwa, zitafinyidwa kapena zitafululidwa. Nsima, buledi, phala, thobwa, mafuta ophikira, khofi ndi chokoleti, zonsezi gwero lake ndi njere, ndipo nkhuku ndi nkhumba zowetedwa m'makola amakono zimanenepa ndi chimanga ndi soya, kotero kuti wodya dzira amakhala akudyabe njere, kungoti zayamba zadutsa m'thupi la chiweto. Malinga ndi bungwe la FAO, lomwe ndi nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, mbewu zitatu zokha, tirigu, mpunga ndi chimanga, zimapereka zoposa theka la mphamvu zonse zimene anthu amapeza kuchokera ku zomera, ngakhale kuti zomera zodyedwa zilipo mitundu zikwizikwi.

Kuti owerenga amvetse chifukwa chake njere zili ndi udindo waukulu chotere, m'pofunika kuyamba ndi mmene njereyo inapangidwira. Njere ya chimanga, mpunga kapena mapira ili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli khungu lolimba, lomwe likachotsedwa pokonola limatchedwa gaga kapena madeya. Mkati muli kamtima kakang'ono, komwe ndi kambewu kamoyo kodikira chinyezi kuti kamere. Ndipo gawo lalikulu lotsalalo ndi ufa, womwe akatswiri amautcha sitachi, wosakanikirana ndi mapuloteni pang'ono. Ufawo ndi kamba amene chomera chimalongedzera mwana wake kuti adye pa masiku oyamba a ulendo wake, asanaphuke masamba oti adzipangire yekha chakudya kuchokera ku kuwala kwa dzuwa. Popeza kambewuko nthawi zina kamadikira miyezi yambiri mvula isanagwe, njere imauma mpaka madzi otsala mkati mwake amachepa kwambiri, ndipo kuumako ndi kumene kumailola kukhala nthawi yaitali osawola, pamene chipatso, masamba, nsomba ndi nyama zimaonongeka m'masiku owerengeka.

Kusungikaku kunasintha mbiri ya anthu. Zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, anthu okhala m'madera amene lero ndi Iraq, Syria, Turkey ndi maiko oyandikana nawo anayamba kulima tirigu ndi balere. A m'chigwa cha mtsinje wa Yangtze ku China anayamba kulima mpunga. Ndipo a kumwera kwa Mexico, zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, anayamba kusankha njere za udzu wakutchire wotchedwa teosinte, womwe ngala yake inali ndi njere zochepa zokutidwa ndi chigoba cholimba, mpaka patapita mibadwo yambiri unasanduka chimanga. Africa nayo inayamba kulima zake: mapira m'dera la Sudan, mchewere m'chigawo cha Sahel kumadzulo, mawere m'mapiri a kum'mawa, komanso khobwe ndi nzama. Chakudya chimene chingathe kusungidwa m'nkhokwe chingathenso kuyezedwa, kunyamulidwa, kubwerekedwa ndi kukhometsedwa msonkho, ndipo n'chifukwa chake mizinda ndi maufumu ambiri akale anakula pamene panali njere zochuluka. Chimanga chinafika mu Africa zaka za m'ma 1500 kudzera mwa amalonda a ku Portugal, koma kuno ku Malawi chinatenga zaka mazana kuti chilande malo a mapira ndi mawere, mfundo imene ambiri lero amaiwala akamalankhula ngati kuti nsima ya chimanga inalipo kuyambira pachiyambi.

Njere zodyedwa zimagawidwa m'magulu atatu akuluakulu. Gulu loyamba ndi la mbewu za m'banja la udzu, monga chimanga, mpunga, tirigu, mapira ndi mawere, zomwe ntchito yake yaikulu ndi kupatsa mphamvu. Lachiwiri ndi la mbewu za mtundu wa nyemba, zomwe zimabala njere m'makoko, monga nyemba, khobwe, nandolo, nzama, nsawawa, soya ndi mtedza. Lachitatu ndi la njere zamafuta, monga chitowe, mpendadzuwa ndi nthanga za maungu, pamodzi ndi njere za m'mitengo monga makadamiya amene amalimidwa ku Thyolo ndi madera ena. Magawidwewa ndi ongothandiza kumvetsa, chifukwa mtedza ndi soya zimalowa m'magulu awiri: pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza wouma ndi mafuta ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi ndi mapuloteni, pamene soya ali ndi mapuloteni oposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Chimanga, poyerekeza, chili ndi mapuloteni okwana magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse.

Kuchuluka kwa mapuloteni si nkhani yonse, chifukwa mtundu wake ulinso ndi kanthu. Mapuloteni, amene ndi michere yomanga thupi, amapangidwa ndi tizigawo totchedwa ma amino acid, ndipo tizigawo 9 mwa timeneti thupi la munthu silingathe kudzipangira lokha, kotero kuti tiyenera kuchokera m'chakudya. Chimanga chimaperewera kwambiri pa tiwiri, lysine ndi tryptophan, pamene nyemba zili ndi lysine wambiri koma zimaperewera pa kena kotchedwa methionine, komwe chimanga chili nako kokwanira. Zikadyedwa pamodzi, chimodzi chimakwaniritsa pomwe chinzake chaperewera. Anthu a m'maiko otalikirana anafika pa nzeru imeneyi asanamvepo dzina lililonse la sayansi: ku India amadya mpunga ndi nandolo, ku Mexico chimanga ndi nyemba, ku China mpunga ndi zakudya za soya, ndipo kuno kwathu nsima imayenda ndi nyemba, chipere kapena masamba otendera nsinjiro. Kumunda nakonso mbewuzi zimathandizana, popeza m'mizu ya mbewu za mtundu wa nyemba muli timaphundu mokhala mabakiteriya amene amatenga naitrojeni mumpweya n'kumusiya m'nthaka, ndipo pa chifukwa chimenechi ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities, yomwe inayamba ku Ekwendeni mu 2000, inagwirizanitsa nkhani ya chonde m'nthaka ndi ya kadyedwe ka ana polimbikitsa alimi kubzala nandolo, mtedza ndi soya.

Chimene chimachitika anthu akadalira njere imodzi yokha chinaonekera bwino m'mbiri ya matenda a pellagra, ndipo mbiriyi ndi yoyenera kuifotokoza mwatsatanetsatane. Chimanga chitafika ku Ulaya n'kukhala chakudya cha anthu osauka, dokotala wa ku Spain, Gaspar Casal, anafotokoza mu 1735 za nthenda imene inkagwira alimi a m'chigawo cha Asturias, yomwe zizindikiro zake zinali khungu lakuda ndi losupuka m'malo owombedwa ndi dzuwa monga m'khosi ndi kuseri kwa manja, kutsegula m'mimba, kusokonekera maganizo, ndipo pomaliza imfa. Nthendayi inafala kumpoto kwa Italy, kenako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 inapha anthu ochuluka kumwera kwa United States, komwe madokotala ambiri ankakhulupirira kuti ndi yopatsirana. Kuyambira mu 1914, Joseph Goldberger anaonetsa kuti m'nyumba zosungira ana amasiye ndi m'ndende odwala anali okhalamo okhaokha, pamene ogwira ntchito, omwe ankamwa mkaka ndi kudya nyama, sankadwala, ndipo anatsimikiza kuti gwero lake linali chakudya. Mu 1937, Conrad Elvehjem anapeza kuti chosowacho chinali niacin, amene tsopano amatchedwanso vitamini B3.

Chodabwitsa n'chakuti anthu a ku Mexico ndi Guatemala, omwe akhala akudya chimanga kwa zaka zikwi zambiri, sankavutika ndi nthendayi monga anzawo a ku Ulaya. Chifukwa chake chinali m'kaphikidwe. Niacin alimo m'chimanga, koma ndi womangika mwa njira yoti thupi silingathe kumuyamwa, ndipo eni mbewuyo ankayamba aphika njerezo m'madzi a laimu kapena a phulusa n'kuzisiya usiku wonse asanazipere, zimene zimamasula vitaminiyo komanso kuonjezera kashiyamu, mchere wolimbitsa mafupa. Amalonda amene anaolotsa chimanga pa nyanja ya Atlantic anatenga njere, luso lokonzera njerezo n'kulisiya kumbuyo, ndipo anthu a ku Ulaya, Africa ndi kumwera kwa United States analipira kusiyidwa kwa lusolo ndi miyoyo yawo. N'zochititsa chidwi kuti madzi a phulusa ndi odziwika bwino m'makhitchini a kuno, popeza ndiwo chidulo chophikira therere, koma mwambo wowagwiritsa ntchito pa chimanga sunakhazikike.

Dziko la Malawi lili ndi gawo lake m'mbiri imeneyi. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira kuno, ndipo ambiri ankakhala m'misasa momwe ankadalira chakudya cholandira, chomwe mbali yake yaikulu inali chimanga. Mtedza, womwe uli ndi niacin wambiri, unali pa mndandanda wa zolandirazo, koma utasiya kufika kwa miyezi ingapo, anthu oposa 18,000 anapezeka ndi pellagra m'chaka cha 1990 chokha, ndipo umenewu unali umodzi mwa miliri yaikulu ya nthendayi chithereni nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ofufuza anapeza kuti amayi ndiwo anakhudzidwa kwambiri, ndipo mabanja amene anali ndi kadimba, kapena amene ankapeza nsomba ndi mtedza, anali otetezeka. Chimanga chinalipo ndipo anthu ankakhuta, koma mtedza wodzaza dzanja patsiku ndiwo unkasiyanitsa munthu wathanzi ndi wodwala.

Mpunga uli ndi mbiri yofananako. Makina opunthira atafala ku Asia m'zaka za m'ma 1800, anthu ambiri anayamba kudya mpunga woyera wochotsedwa gaga yense, ndipo nthenda ya beriberi, yomwe imafooketsa mitsempha ndi mtima, inakula. Dokotala wa asilikali apamadzi ku Japan, Takaki Kanehiro, anaichepetsa m'zaka za m'ma 1880 posintha chakudya cha asilikaliwo n'kuonjezeramo balere ndi nyama, ndipo Christiaan Eijkman, akugwira ntchito pa chilumba cha Java, anaona kuti nkhuku zodyetsedwa mpunga woyera zinkalumala koma zinkachira zikapatsidwa mpunga wosapuntha. Chimene chinkatayidwa pamodzi ndi gagayo chinadzadziwika kuti ndi vitamini B1, ndipo Eijkman analandira mphotho ya Nobel mu 1929.

Nkhani imeneyi ikufika pakhomo la aliyense amene amasankha pakati pa mgaiwa ndi ufa woyera. Pokonza ufa woyera, chimanga chimakonoledwa, madeya n'kupetedwa, mphale n'kuviikidwa m'madzi kwa masiku angapo, kenako n'kutsukidwa, kuyanikidwa ndi kugayidwa, ndipo pa ulendo wonsewu kamtima ka njere, komwe kali ndi mafuta ndi mavitamini ambiri, kamapita ndi madeya kukadyetsa nkhumba ndi nkhuku, pamene michere ina imatayidwa ndi madzi oviikira. Komabe kungakhale kupupuluma kunena kuti amayi amene anasunga mwambowu sankadziwa chimene akuchita. Ufa wopanda mafuta umasungika nthawi yaitali osanunkha, nsima yake ndi yosalala, ndipo kukonola ndi kuviika kumachotsa gawo lalikulu la phytate, chinthu chimene njere imasungiramo fosifolasi, chomwe m'matumbo a munthu chimagwira ayironi ndi zinki n'kulepheretsa thupi kuziyamwa. Kukonola kumachotsanso gawo la poizoni wa chuku amene amakhala kunja kwa njere. Choncho mgaiwa uli ndi michere yambiri koma ina mwa iyo ndi yomangika, pamene ufa woyera uli ndi michere yochepa koma zotchinga zakenso n'zochepa. Ufa woyera umakhala wosaopsa pamene ndiwo zili zokwanira. Umasanduka vuto pakhomo pamene nsima ndi yaikulu ndipo ndiwo ndi zongonyowetsera mbamu. Palinso nkhani ya ulemu, popeza kwa nthawi yaitali mgaiwa wakhala ukuonedwa ngati chakudya cha kusukulu zogonera komweko, kundende ndi cha nthawi ya njala, ndipo maganizo otere sasintha chifukwa chakuti mlangizi wa zaumoyo wanena.

Njira imene imapindulitsa mbali zonse ziwiri ndi yakale kwambiri, ndipo ndi chimera. Njere ikanyowetsedwa n'kuyamba kumera, imatulutsa ma enzyme, omwe ndi mapuloteni ofulumizitsa kusintha kwa zinthu, ndipo ena mwa iwo amaphwanya phytate pamene ena amasandutsa sitachi kukhala shuga. Ichi n'chifukwa chake thobwa limatsekemera, komanso chifukwa chake ufa wa chimera wochepa ukathiridwa m'phala lolimba umalisungunula popanda kuonjezera madzi. Kwa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 2, amene mimba yake ndi yaing'ono, kusiyana kumeneku n'kwakukulu, chifukwa phala lamadzimadzi limadzaza mimba lisanapereke mphamvu zokwanira. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira, kutanthauza kuti msinkhu wawo unali wotsalira poyerekeza ndi zaka zawo, ndipo ngakhale kuti zifukwa zake ndi zambiri, phala la ufa woyera lopanda nsinjiro kapena soya ndi chimodzi mwa izo.

Njere siinapangidwe kuti idyedwe, ndipo zambiri zili ndi zida zodzitetezera ku tizilombo, mbalame ndi nyama. Nyemba zofiira zosapsa zili ndi puloteni yotchedwa lectin imene imayambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo imaphedwa pokhapokha nyembazo zitabwata kwambiri kwa mphindi zosachepera 10. Soya wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa kugayika kwa mapuloteni m'mimba, n'chifukwa chake amayenera kukazingidwa kapena kuwiritsidwa asanagayidwe. Kalongonda, amene amadyedwa makamaka kuchigawo cha kumwera, ali ndi mankhwala otchedwa L-dopa omwe amasokoneza ubongo akachuluka m'thupi, ndipo amene amamudziwa amamuwiritsa kwa maola ambiri akutaya madzi mobwerezabwereza. Ku Ethiopia ndi India kuli mtundu wa nsawawa wopirira chilala umene umapuwalitsa miyendo anthu akaudya kwa miyezi popanda chakudya china, pamene nsatsi zili ndi ricin, mmodzi mwa poizoni woopsa kwambiri wochokera ku zomera. Malamulo a kukhitchini amene angaoneke ngati chizolowezi chabe, monga kuviika, kutaya madzi oyamba, kukazinga ndi kuchotsa makungu, ndi nzeru zimene mibadwo inapeza anthu ena atadwala kapena kufa.

Pali chiopsezo china chimene moto suchotsa. Mu 1960, nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil, ndipo ofufuza anapeza kuti chuku chotchedwa Aspergillus flavus chimatulutsa poizoni amene anamutcha aflatoxin. Poizoniyu alibe fungo, saphedwa ndi kukazinga kapena kuwiritsa, amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa anthu amene ali kale ndi kachirombo ka hepatitis B, ndipo akachuluka amapha msanga, monga zinachitikira kum'mawa kwa Kenya mu 2004 pamene anthu 125 anamwalira atadya chimanga choipitsidwa. Chukuchi chimalowa m'mbewu ikavutika ndi ng'amba kumunda, ikachedwa kukumbidwa, ikayanikidwa padothi kapena ikasungidwa isanaumitsitse. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, kapena kuti ulemere pasikelo, chimapatsa chuku chinyezi chimene chimafuna. Malamulo okhwima a European Union, amene salola aflatoxin woposa magawo 4 pa biliyoni mu mtedza wodyedwa mwachindunji, ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinavutitsa malonda a mtedza wa Malawi ku Ulaya, komwe mtundu wa Chalimbana unali wotchuka kale. Choipa kwambiri n'chakuti mtedza ukasankhidwa, wabwino umapita kumsika ndipo wonyala ndi wosweka, womwe ndi umene umakhala ndi poizoni wambiri, umatsalira pakhomo n'kusinjidwa kukhala nsinjiro za m'phala la mwana.

Mtedza womwewo, ukasamalidwa bwino, wapulumutsa ana ochuluka. Mu 1996, André Briend ndi Michel Lescanne a ku France anapanga chakudya cha mtedza wopera wosakaniza ndi mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere ina, chomwe ubwino wake ndi wakuti chilibe madzi, kotero kuti mabakiteriya sangaswanemo ndipo sichifuna kuphikidwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, dokotala wa ana Mark Manary ndi anzake anachiyesa ku Blantyre, ndipo anaonetsa kuti ana ambiri onyentchera kwambiri angathe kuchira ali kunyumba m'manja mwa amayi awo, m'malo mogonekedwa m'chipatala kwa masabata. Chakudyachi, chomwe kuno chimadziwika kuti chiponde, tsopano chikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, ndipo Likuni Phala, wosakaniza chimanga ndi soya, wakhazikika pa mfundo yomwe ija yophatikiza njere ya udzu ndi njere ya m'makoko.

Zimene zili m'njere zimadaliranso dothi limene mbewu inameramo. Kafukufuku amene Allan Chilimba ndi anzake anafalitsa mu 2011 anaonetsa kuti chimanga cholimidwa m'madera ambiri a Malawi, momwe dothi ndi la asidi, chili ndi selenium wochepa kwambiri, pamene cha m'madera ena monga chigwa cha Shire chili ndi wochulukirapo. Selenium ndi mchere wofunika pang'ono chabe koma wothandiza chitetezo cha thupi, ndipo popeza mabanja ambiri akumudzi amadya zimene alima okha, mudzi umene munthu amakhala ungathe kusankha michere imene amapeza. Lamulo lakuti ufa wa m'mafakitale uzithiridwa mavitamini ndi michere limathandiza ogula m'masitolo, koma silifika pa ufa wa kuchigayo cha m'mudzi, komwe anthu ambiri amagayitsa, ndipo n'chifukwa chake ofufuza akuyesa njira zina monga feteleza wokhala ndi michereyi, chimanga cha mtundu wa olenji chokhala ndi vitamini A, ndi nyemba zokhala ndi ayironi wambiri.

Msika nawo uli ndi mphamvu pa zimene zimatsala m'nkhokwe. Nandolo wambiri wa kuchigawo cha kumwera amalimidwa kuti akagulitsidwe ku India, ndipo dzikolo litachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja mu 2017, mitengo inagwa mpaka alimi ambiri anataya mtima pa mbewuyi, ngakhale kuti phindu lake m'thupi ndi m'nthaka silinasinthe. Soya ndi mtedza nazonso kawirikawiri zimagulitsidwa zonse nthawi yokolola, mitengo ili yotsika, kuti papezeke ndalama za fizi ndi feteleza, ndipo banja lomwelo limafika mu Januwale ndi Febuluwale lilibe nsinjiro zotendera. United Nations inatcha 2016 chaka cha mbewu za mtundu wa nyemba ndipo 2023 chaka cha mapira, mawere ndi mchewere, pozindikira kuti mbewu zitatuzi zimapirira ng'amba kuposa chimanga ndipo mawere ali ndi kashiyamu wochuluka kuposa njere zina za m'banja la udzu. Komabe chikondwerero cha chaka chimodzi sichithetsa zifukwa zimene alimi anasiyira mbewuzi, zomwe ndi mbalame zimene zimatha mapira kumunda, ntchito yowawa yopuntha ndi kupeta mawere imene imagwera amayi, kusowa kwa mbewu yabwino m'masitolo, ndi ndondomeko za boma za zipangizo zaulimi zotsika mtengo zimene kwa zaka zambiri zakhala zikuika chimanga patsogolo.